MLENDO WODZIPEREKA AKATULIDWA PAMUDZI

Chaka ndi chaka dziko lino la Malawi limalandira anyamata ndi atsikana ochokera kutsidya kwa nyanja, amene amadzipereka kudzagwira nchito pakati pa anthu a m'midzi popanda malipiro enieni. Ambiri mwa iwo amatumizidwa ndi bungwe la Boma la Amereka lotchedwa Peace Corps, ndipo ena akhala akubwera kupyolera m'bungwe la ku Mangalande la VSO ndi la ku Japan la JOCV. Anthu a m'tauni amamva za iwo pa tsiku limene akulumbira, pamene akulu-akulu amalankhula ndipo zithunzi zimajambulidwa. Koma nchito yeniyeni imayamba patapita tsiku limodzi kapena awiri, galimoto ikamtula mlendoyo pakhomo pa nyumba ya aphunzitsi kapena pafupi ndi chipatala chaching'ono, niitembenuka kubwerera ku Lilongwe. Kuyambira ora limenelo mlendoyo ali m'manja mwa mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa Boma ndi nyakwawa. Ngati zaka zache ziwiri zidzabala zipatso, kapena ngati zidzangopita pachabe, gwero lache ndi m'mene anthu amenewa amlandirira m'miyezi yoyamba.

CHIYAMBI CHA NCHITOYI

Mu 1958 Bambo Alec Dickson pamodzi ndi akazi ao, Mai Mora Dickson, anakhazikitsa bungwe la VSO ku Mangalande, nayamba kutumiza achinyamata otsiriza sukulu kukathandiza ku maiko akutali. Patapita zaka ziwiri, m'mwezi wa October 1960, Bambo John F. Kennedy, amene pa nthawiyo anali kupikisana pa mpando wa Pulezidenti wa Amereka, anafunsa ophunzira a pa University of Michigan ngati angalole kupereka zaka zina za moyo wao potumikira m'maiko osauka. Ophunzirawo anabvomera mwaunyinji, ndipo Bambo Kennedy atalowa pa mpando anakhazikitsa Peace Corps pa 1 March 1961, naika mlamu wao, Bambo Sargent Shriver, kukhala mtsogoleri wache woyamba. Gulu loyamba la aphunzitsi linafika ku Ghana m'mwezi wa August chaka chomwecho.

Lamulo lokhazikitsa bungweli linatchula zolinga zitatu. Choyamba ndicho kuthandiza maiko amene apempha anthu odziwa nchito. Chachiwiri ndicho kuti eni maikowo awadziwe bwino anthu a ku Amereka. Chachitatu ndicho kuti anthu a ku Amereka nawonso adziwe bwino mitundu ina. Awerengi aone kuti pa zolinga zitatuzi, ziwiri zikunena za kudziwana kwa anthu, ndipo ndicho chifukwa chache wodzipereka amatumizidwa kukakhala kumudzi ndi kupatsidwa ndalama zongokwanira chakudya ndi zina zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku.

Kuno kwathu odzipereka oyamba a Peace Corps anafika kumayambiriro kwa chaka cha 1963, dziko lino likali kutchedwa Nyasaland, ndipo Chitaganya chisanathe. Chaka chimenecho, m'mwezi wa February, Dr. H. Kamuzu Banda anakhala Nduna Yaikulu. Sukulu za sekondale zinali zowerengeka: ya Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndi ya Boma ku Dedza mu 1951, ndipo zina zochepa zinatsatira pambuyo pache. Boma latsopano linafuna kutsegula sukulu zambiri m'maboma onse, koma aphunzitsi Achimalawi okhala ndi madigiri anali ochepa ndithu, pakuti University ya Malawi inayamba kulandira ophunzira mu 1965. Mpata umenewu ndiwo anatseka alendowo, ndipo ambiri mwa akulu-akulu amene anadzagwira nchito za Boma m'zaka zotsatira anaphunzira Chingerezi, masamu kapena sayansi kwa mphunzitsi wodzipereka. Odzipereka a ku Japan anayamba kufika mu 1971.

MIYEZI ITATU YA MAPHUNZIRO

M'zaka zoyambazo odzipereka anali kuphunzitsidwa kwao komweko, m'makoleji a ku Amereka, ndipo anali kufika ku Afrika akudziwa za m'mabuku zokha. Kuipa kwache kunaoneka msanga. M'mwezi wa October 1961 mtsikana wina wa gulu loyamba lopita ku Nigeria analemba kakalata kosamata kopita kwa mnzache ku Amereka, m'mene anafotokoza za umphawi ndi uve zimene anaona. Kakalatako kanagwa m'manja mwa ophunzira a pa koleji ya ku Ibadan, amene anakwiya kwambiri, ndipo mtsikanayo anabwerera kwao. Akulu a bungweli anatolapo phunziro, ndipo m'kupita kwa zaka maphunziro anasamutsidwa kuti azichitikira m'dziko lomwe munthu akatumikire.

Masiku ano wodzipereka wa Peace Corps amalonjeza kukhala miyezi 27: pafupi-fupi itatu ya maphunziro, ndi zaka ziwiri za nchito. Kuno ku Malawi maphunziro amenewa akhala akuchitikira m'midzi ya ku Dedza ndiponso ya ku Kasungu. Mlendo ali yense amapatsidwa banja lomsunga, ndipo eni nyumbayo amawatchula kuti amai ndi abambo kuyambira tsiku loyamba. Nthawi zambiri banjalo limampatsa dzina la kuno kapena chiwongo chao, kotero kuti mtsikana wochokera ku Ohio kapena ku Texas amatuluka m'mudzimo akutchedwa Nabanda kapena Naphiri.

Amai a m'nyumbamo ndiwo mphunzitsi wache woyamba. Iwo ndiwo amamuonetsa kukoleza moto wa nkhuni ndi kuyatsa makala pa mbaula, kutunga madzi pa mjigo ndi kusenza ndowa pa nkhata, kubvundula nsima ndi mthiko ndi kuomola ndi chipande, kutendera nkhwani ndi nsinjiro, kuchapa ndi manja, kusesa pabwalo m'mamawa, ndi kumanga chitenje kuti chisamasuke panjira. Munthu amene anakulira m'nyumba ya magetsi ndi madzi a m'mipope amakhala ngati kamwana pa zinthu zimenezi, ndipo ana a m'mudzimo amaseka ataona nsima yache yoyamba ili ndi zibuma. Kusekedwa kumeneku kuli ndi phindu lache, pakuti munthu amene wabwera kudzaphunzitsa ena ayenera ayambe walawa kusadziwa.

Usana wonse amakhala pa maphunziro a chilankhulo m'timagulu ting'onoting'ono, motsogozedwa ndi aphunzitsi Achimalawi. Ambiri amaphunzira Chichewa, koma amene adzatumizidwa kumpoto amaphunzira Chitumbuka kapena Chitonga, ndipo opita ku madera a ku Mangochi ndi ku Machinga amaphunzira Chiyao. Amaphunziranso za nchito yao, imene imakhala ya maphunziro, ya zaumoyo kapena yosamalira zachilengedwe. Za mayendetsedwe a Boma kuyambira ku Unduna kufikira kwa nyakwawa. Ndi za kudzisamalira pa malungo ndi matenda a m'mimba. Pa mapeto pache ali yense amayesedwa polankhulana ndi woyesa maso ndi maso, ndipo ayenera kuonetsa kuti angathe kulonjera, kugula pamsika, kufunsa njira ndi kufotokoza nchito yache. Akapambana amalumbira pamaso pa Kazembe wa dziko la Amereka ndi akulu a Boma lathu, ndipo kuyambira pamenepo ndiye amawerengedwa kuti ndi wodzipereka weniweni.

USIKU WOYAMBA NDI MIYEZI YOYAMBA

Pa maphunziro paja mlendoyo anali ndi anzache a kwao pafupi, ndiponso banja lomphikira ndi kumdzutsa. Kumalo kwache kwa nchito amafika yekha, ndi matiresi, neti ya udzudzu, chosefera madzi, bokosi la mankhwala, njinga ya kapalasa ndi chipewa chache, ndi mapoto awiri kapena atatu. Nyumba imakonzedwa ndi sukulu, chipatala kapena mudzi umene unampempha, ndipo iyenera kukhala ndi zitseko ndi mazenera okhomeka, chimbudzi ndi bafa. Mnzache wa kwao wapafupi angakhale pa mtunda wa ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga ndi pa matola.

Odzipereka ambiri amene analemba za moyo wao amachitira umboni kuti masabata oyambawa ndiwo obvuta koposa ena onse. Chichewa chimene anali kuchimva bwino m'kamwa mwa mphunzitsi woleza mtima chimamveka ngati chilankhulo china chikamalankhulidwa mofulumira pachitsime. Dzuwa likalowa mudzi umakhala zii, ndipo mlendo amatsala ndi kandulo kapena kanyali ka dzuwa, akuganiza za kwao. Usana ana amaunjikana pa mpanda kudzamuonerera, namuitana kuti mzungu ngakhale atawauza dzina lache kakhumi. Amene ali wa khungu lakuda amakumana ndi bvuto lina, pakuti anthu amadabwa kuti sadziwa chilankhulo, ndipo ena sakhulupirira kuti ndi wa ku Amereka.

Chifukwa cha ichi bungweli limalangiza kuti miyezi itatu yoyamba wodzipereka akhale pamalo pache osayenda-yenda, ndipo asathamangire kuyambitsa zitukuko. Nchito yache pa nthawi imeneyi ndiyo kupenya, kufunsa ndi kudziwika. Ayenera kudziwa amene ali nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu ya deralo; komiti ya sukulu ndi komiti ya chitukuko; mipingo ndi mizikiti; tsiku la msika; miyezi imene anthu amatanganidwa kumunda; ndi miyezi ya January ndi February pamene nkhokwe zimakhala zopanda kanthu ndipo ana amabwera ku sukulu osadya. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mlendo amene aitanitsa msonkhano wa amai pa nthawi yopalira chimanga adzakhala yekha pansi pa mtengo, nadzaganiza kuti anthu samfuna, pamene cholakwa chinali tsiku limene anasankha.

Pali zinthu zina zimene mudzi umayang'ana pa mlendo, zimene sizilembedwa m'kalata ya nchito. Kodi amalonjera akulu asanayambe nkhani yache? Kodi amati odi asanalowe pakhomo? Kodi amalandira chinthu ndi manja awiri? Koposa zonse, kodi maliro akagwa amapita kukakhala pansi pamodzi ndi anthu, ndi kuponya kangachepe m'mbale ya chipepeso? Munthu amene wakhala pa siwa amawerengedwa ngati wa pamudzi, ngakhale Chichewa chache chikhale chopunduka. M'madera a Achewa ayeneranso kuuzidwa za Gule Wamkulu, kuti asayandikire dambwe ndipo asajambule zithunzi popanda chilolezo.

ZIMENE MBIRI IKUPHUNZITSA

Ubale wa dziko lino ndi odzipereka sunayende mosalala nthawi zonse. Bambo Paul Theroux, amene pambuyo pache anatchuka polemba mabuku, anabwera mu 1963 naphunzitsa ku Soche Hill pafupi ndi Limbe. Nduna zitagawikana mu 1964, iwo anathandiza ena mwa amene anasemphana ndi Boma, pakati pao Bambo David Rubadiri, amene anali Kazembe woyamba wa Malawi ku Amereka. Mu 1965 Bambo Theroux anatulutsidwa m'dziko muno, ndipo bungwe lao lomwe linawachotsa pa nchito. Mu 1969 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unadandaula za mabvalidwe ndi makhalidwe a odzipereka ena, ndi chitsanzo chimene anali kuonetsa kwa ana a sukulu, ndipo unapempha kuti achoke. Nchitoyi inaima kwa nthawi, niidzayambanso mokhazikika mu 1978. Zaka zimenezo zinali ndi ndale zache, ndipo zambiri zasintha chiyambire 1994. Koma lamulo la bungweli likali lomwe lija, loti wodzipereka asalowerere ndale za dziko limene lamlandira, ndipo mabvalidwe a mphunzitsi akali chinthu chimene makolo a kumudzi amachiyang'anitsitsa.

Zaka zomwezo zinaonetsanso chimene mlendo angachite akadziwa chilankhulo ndi kumvetsera anthu. Bambo Jack Allison anagwira nchito ya zaumoyo ku Nsiyaludzu kuyambira 1967 kufikira 1969. Ataona kuti ana ambiri anali onyentchera, ndi kuti amai sanali kuwerenga zolembedwa za pachipatala, anapeka nyimbo m'Chichewa, ndipo yodziwika koposa inali yotchedwa Ufa wa Mtedza, yolangiza amai kuthira nsinjiro m'phala la ana. Nyimboyo inaulutsidwa pa wailesi ya MBC, niimveka m'dziko lonse. Mtedza unali m'minda ya anthu kale, ndipo amai anali kudziwa kusinja. Chimene mlendoyo anaonjezapo ndi njira yofikitsira uthenga m'makutu mwa anthu. Apa ndi pamene mwambi uja woti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa umapherezera.

UDINDO WA APHUNZITSI NDI ANCHITO A BOMA

Odzipereka a za maphunziro amatumizidwa kawiri-kawiri ku sukulu za sekondale zoyendera za m'midzi, zimene zinakhazikitsidwa mu 1998 kuchokera ku malo akale a maphunziro a m'makalata, ana atachuluka chifukwa cha maphunziro a ulere a pulaimale a mu 1994. M'sukulu zimenezi aphunzitsi ndi mabuku zimaperewera, ndipo mwana sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi. Motero nchosadabwitsa kuti mphunzitsi wamkulu amayesedwa kumsenzetsa mlendoyo makalasi onse osowa mwini, kuyambira Fomu 1 kufikira Fomu 4. Kuteroko kumatseka dzenje kwa zaka ziwiri, ndipo mlendo akachoka dzenjelo limayasamanso monga kale. Njira yabwino ndiyo kumphatikiza ndi mphunzitsi wa pasukulupo, kuti azikonza maphunziro pamodzi ndi kuonererana m'kalasi. Mlendo amadza ndi njira zolankhulitsa ana. Mwini malo amadziwa silabasi, mafunsidwe a mayeso a MANEB, ndi chifukwa chimene mtsikana wakuti wajomba sabata yathunthu. Ana amabvutikanso kumva Chingerezi cha ku Amereka m'masabata oyamba, ndipo ndi mphunzitsi mnzache amene angamuuze mwaulemu kuti alankhule pang'onopang'ono ndi kulemba pa bolodi.

Chimodzimodzinso kwa alangizi a zaumoyo, a zaulimi ndi a zankhalango. Wodzipereka ali yense ayenera kukhala ndi mnzache wa pa nchito wa kuno, amene adzamperekeza kwa mafumu, adzamasulira pa misonkhano, ndipo adzapitiriza nchitoyo mlendo atapita. Ngati mlangiziyo amtenga mlendo ngati kazitape wodzaona zolakwa zache, kapena ngati wopikisana naye, nazale ya mitengo ndi gulu la achinyamata zidzafa tsiku lomwe mlendoyo akukwera ndege. Nkoyenera kuti pomtengera kwa nyakwawa, mlangizi afotokoze momveka kuti munthuyu wabwera mopemphedwa ndi Boma la Malawi, kuti adzakhala zaka ziwiri, ndi kuti nchito yache ndi yakuti-yakuti.

Mfundo ina yofunika kuinena poyera pa tsiku loyamba lomwelo ndi ya ndalama. Anthu ambiri akaona mzungu amayembekeza mjigo, malata a tchalitchi kapena fizi ya ana. Wodzipereka sabwera ndi thumba la chitukuko. Angathe kuthandiza komiti kulemba kalata yopempha thandizo laling'ono, koma pamenepo mudzi uyenera kuikapo gawo lache, monga njerwa, mchenga ndi manja. Ngati zimenezi sizinenedwa msanga, anthu amakhumudwa namuyesa woumira, ndipo iye amatopa ndi kupemphedwa nayamba kudzitsekera m'nyumba. Mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi amene amchinjiriza pa bvuto limeneli wapulumutsa zaka ziwiri za nchito.

Chitetezo chache nachonso chili m'manja mwa oyandikana naye. Mpanda wabwino koposa wa mlendo ndiwo banja loyandikana nalo limene limadziwa pamene watuluka ndi pamene wabwera, limene limagogoda ngati chitseko sichinatsegulidwe dzuwa litakwera. Atsikana makamaka amasautsidwa ndi mau achipongwe a amuna oledzera pamsika, ndipo mau amodzi a nyakwawa pa msonkhano wa mudzi amathetsa zimene kalata khumi za ku Lilongwe sizingathetse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makolo a mwana ameneyu ali kutali, ndipo anamlola kubwera pokhulupirira kuti kumene akupita kuli anthu.

Nayenso mlendo ali ndi mangawa kwa mudzi umene wamsunga. Kakalata ka ku Ibadan kaja kanawerengedwa ndi ophunzira a koleji imodzi chisanafalikire. Lero chithunzi cha mwana wosabvala kapena cha nyumba yogumuka chikaikidwa pa Facebook chimafika ku maiko onse pa ora limodzi, ndipo eni ache amachiona pa foni zao. Anzache a pa nchito asaope kumkumbutsa kuti apemphe chilolezo asanajambule, ndi kuti anthu amene akumdyetsa ali ndi ulemu wao.

MLENDO NDI MAME

Chiyambire 1961 anthu a ku Amereka oposa 240,000 atumikira m'bungwe la Peace Corps m'maiko oposa 140, ndipo oposa 2,500 mwa iwo anatumikira kuno ku Malawi. Onsewa anabwera ndi kupita. M'mwezi wa March 2020, matenda a COVID-19 atafalikira, bungweli linaitanitsa odzipereka ache onse pa dziko lapansi, pafupi-fupi 7,000, m'masiku owerengeka, ndipo ambiri sanapeze ngakhale mpata wotsazika bwino. Anayamba kubwereranso m'maiko mu March 2022, ndipo dziko la Zambia linali limodzi mwa oyamba kuwalandira. M'zaka zimene kunalibe alendo, nchito imene mlendo anali kuigwira yekha inalibe woipitiriza, pamene laibulale imene makiyi ache anali kwa mphunzitsi wa pasukulupo inali ndi woitsegula.

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chotero mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi amene walandira kalata yoti kukubwera wodzipereka ayambe kukonzekera tsiku limene mlendoyo adzachoke, pomwe akukonzekera tsiku limene adzafike. Aone kuti nyumba yatha kukonzedwa galimoto isanafike. Asankhe munthu wokhazikika wogwira naye nchito. Amtengere kwa mafumu m'sabata yoyamba, amuuze za maliro akagwa, amlankhule m'chilankhulo cha kuno ngakhale iye akuyankha mopunthwa, ndipo chili chonse chimene ayambitse chikhale ndi komiti ndi mwini wache wa pamudzi pomwepo. Boma limapempha alendowa m'dzina la anthu a m'midzi, ndipo wanchito wa Boma amene ali pamalopo ndiye woyenera kuonetsetsa kuti anthuwo apindula nawo.